Mpando wa Kumanzere

Balaka,
mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mwana wanga Bilali,

Asalamu alaikumu. Choyamba ndifune kumva za moyo wako kumeneko ku Joni. Kodi chifuwa chija unkadandaula nacho nyengo yozizira chinakusiya? Nanga mpongozi wanga Fauziya ndi kamdzukulu kanga, kamene ndimangokaonera pafoni, akudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo, Alihamudulilahi. Dzuwa la ku Balaka ukulidziwa, koma chaka chino lachita kunyanya, mpaka mbuzi zikukana kutuluka pansi pa nkhokwe. Mchemwali wako Zaina ali bwino ku Mangochi, amaimba foni Lachisanu lililonse. Bambo ako akudya, akugona. Mwendo wakumanja akuukoka pang'onopang'ono, dzanja lamanja lidakali lakufa, ndipo mawu sakutulukabe.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ilipo. Tikamalankhula pafoni bambo ako amakhala pambali panga, ndipo ngakhale lilime linamangika, makutu awo ndi akuthwa kuposa anga. Zimene ndikufuna kukuuza sindingazinene iwo akumva. Kalatayi ndapatsira a Yoram, oyandikana nafe aja, amene akukwera basi ya kumeneko sabata ino.

Ndisazungulire ngati wakabaza wosadziwa njira. Ndikufuna ubwere kumudzi bambo ako adakali ndi moyo.

Ndikudziwa kuti ine ndemwe ndinakuletsa. Matenda ofa ziwalo atawagwetsa chaka chatha, iwe unafuna kunyamuka tsiku lomwelo. Ndinakuuza kuti ukhale, chifukwa mapepala ako ndi ovuta ndipo ukatuluka sangakulolenso kulowa. Ndinati ndikwanitsa. Sindinaname, zambiri ndakwanitsadi, ndipo ndikufotokozera zonse kuti uone pamene mphamvu zanga zalekezera.

Vuto lalikulu linali ulendo wa ku mafizo, kokalimbitsa ziwalo kuchipatala cha ku Liwonde. Muminibasi munthu wotere sungamulowetse, amakondakitala amamukoka ngati thumba la chimanga. Madalaivala amene unkati tiziwaitana aja, wina amabwera dzuwa litapendeka, wina amabwera akununkha mowa, wina sabwera n'komwe. Kagalimoto ka bambo ako kanali kangoima pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Tsiku lina ndinakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena mumtima kuti chiwongolero sichifunsa ngati munthu wavala mpango.

Ndinakalembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto kutauni kuno. Ukanandiona, mwana wanga! M'kalasi munali anyamata ndi atsikana a msinkhu wa Zaina, ine ndekha wa imvi, ndipo anandipatsa dzina loti Agogo a L. Aphunzitsi athu ndi a Jasten, bambo wamfupi wa mawu ngati wailesi. Tsiku loyamba anatiuza kuti msewu uli ndi chilankhulo chake, ndipo wosachimva amayankhidwa ndi manda.

Ndinaloweza zikwangwani nyemba zili pamoto. Zamakona atatu zimachenjeza, zozungulira za mkombero wofiira zimaletsa, zozungulira zabuluu zimalamula. Mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu ndi mpanda, suudumpha pofuna kupitirira mnzako. Pa raundabauti umadikira wochokera kumanja kwako. Ine amene sukulu ndinalekezera ku pulayimale ndinakhoza mayeso a zikwangwani ulendo woyamba, ana ena a Fomu 4 akubwereza. Undikhululukire, pamenepo ndinanyada ndithu.

Atandipatsa chiphaso cha wophunzira, a Jasten anandiuza malamulo awiri. Galimoto izikhala ndi chikwangwani cha L kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ndisayendetse ndekha, pampando wa kumanzere pazikhala munthu wa layisensi. Ndinawafunsa kuti munthu ameneyo ndikamupeza kuti, poti maola a sukulu akatha iwo amapita kwa ophunzira ena. Anandifunsa ngati pakhomo palibe dalaivala aliyense. Ndinangoseka, chifukwa pakhomo pali dalaivala amene anayendetsa mathiraki mpaka ku Beira ndi ku Nacala, koma sangathe kumanga yekha batani la malaya.

Layisensi yawo idakali ndi moyo. Choncho aphunzitsi anga enieni ndi bambo ako, Che Akimu, amene ndili mtsikana ndinawapempha kuti andigwiritseko chiwongolero, iwo n'kuseka mpaka kutsamwa tiyi.

Ukukumbuka mmene ankalankhulira? Akabwera kuulendo m'nyumba simunkalowa mawu a munthu wina. Nkhani za pachipata cha Mwanza, za njovu pamsewu, za mnzawo amene anagona akuyendetsa. Ine ndinkawauza kuti pakamwa pawo palibe buleki. Lero ndikanapereka chilichonse kuti andisokosere ngakhale kamphindi.

Tsopano amandiphunzitsa ndi dzanja lamanzere. Akagogoda pa dashibodi ndiye kuti ndichepetse liwiro. Akamenya ndi chikhatho ndiye kuti ndiime. Akaloza galasi ndiye kuti ndaiwala kuyang'ana zam'mbuyo ndisanakhote, ndipo ndikaiwala indiketa amatsonya ngati ndathira mchere wambiri m'ndiwo. Liwu limodzi lokha ndi limene linawatsalira, la Chiyao cha amayi awo, mbolembole, kutanthauza pang'onopang'ono. Amalinena pamsewu, amalinena ndikamawasambitsa, amalinenanso alendo akawapatsa moni.

Msewu wa Balaka kupita ku Liwonde wandiphunzitsa zimene m'buku mulibe. Wakabaza wonyamula makala amakhota osakweza mkono, ndiye umamupatsa malo ngati ndi ngolo. Mbuzi imodzi ikadutsa, dziwa kuti anzake ali m'mbuyo. Minibasi suiyandikira kumbuyo, chifukwa ikangoona munthu wanyamula chikwama imaima pomwepo, ngakhale pakona. Panjanji ndimaima, n'kutsitsa galasi, n'kumvetsera, kenako n'kuyang'ana uku ndi uku, ngakhale a kumbuyo aziliza mahutala mpaka atope.

Tsiku lina tinali kumbuyo kwa lole yonyamula simenti, ikuyenda ngati ikupita kokakamizidwa. Dalaivala wake anatulutsa mkono pawindo n'kumandikodola kuti ndidutse. Ine ndinati koma munthu waulemu, n'kuyamba kutuluka. Bambo ako anamenya dashibodi mwamphamvu moti ndinabwerera kumbuyo kwa lole ndisanaganize n'komwe. Nthawi yomweyo njinga yamoto yonyamula mayi ndi mwana inatulukira kutsogolo, n'kudutsa pamalo pomwe ndikanakhala ine.

Ndinaimika galimoto pambali. Iwo analoza maso anga, kenako msewu, kenako n'kupukusa mutu akuloza lole ija. Ndinamva. Sudutsa ndi maso a munthu wina, umadutsa pamene waona wekha kuti kutsogolo kulibe kanthu.

Pa baraji ya ku Liwonde, powolokera mtsinje paja, napo ndinaonapo zakuda. Galimoto inandizimira pakati pa anthu, ogulitsa nsomba uku, njinga uku, ine phazi litasokonezeka pa klatchi. Madalaivala a kumbuyo anayamba kukuwa kuti amayi apite akaphike. Misozi inalengeza, sindikubisa. Bambo ako anangoika dzanja lawo pa bondo lawo n'kumalisisita, ngati akundiuza kuti dziko silikutha lero. Ndinaliza injini, tinawoloka.

Apolisi a pamsewu anatizolowera. Amayang'ana chiphaso changa, amayang'ana layisensi ya bambo ako, amaona kuti tonse tamanga malamba, n'kuwauza kuti madala aphunzitseni bwino amayiwa. Iwo amagwedeza mutu monyadira. Koma Bilali, dzanja lawo limene lili pafupi ndi ine ndi lakufa lija. Chitachitika chinthu sangagwire chiwongolero, sangakoke handibuleki. Lamulo limaona munthu pampando uja, koma ine ndimadziwa kuti m'galimotomo ndili ndekha.

Kunyumba nakonso ndi chimodzimodzi. Miyezi yoyamba anthu ankabwera kudzazonda, mphasa zinkachepa. Kenako anatopa kulankhula ndi munthu wosayankha. Masiku ano amuna a kumzikiti amapereka salamu ali panjira, osakhotera pakhomo. Amayi anzanga ena akuti Maryam wasanduka mwamuna, ena akuti ndikufuna kudzionetsa. Madzulo timakhala pakhonde awiriwiri, ine ndikulankhula ndekha za mitengo ya tomato, iwo akuyang'ana kumsewu. Ndimasungulumwa, mwana wanga, mpaka nthawi zina ndimalankhula ndi nkhuku.

Munthu mmodzi yekha sanatiiwale, Che Abdulrahim. Ukuwakumbuka, aja ankayenda ndi bambo ako pa thiraki imodzi, amene anakugulira kanjinga kako koyamba. Miyendo inawatupa, sankathanso kubwera kwathu, koma nyumba yawo ili m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, ndipo ankakhala pakhonde tsiku lonse. Tikamayandikira, bambo ako ankayamba kusuntha pampando ngati mwana woti waona mayi ake. Ine ndinkaliza hutala pang'ono, Che Abdulrahim n'kukweza ndodo yawo m'mwamba.

A Jasten anatiphunzitsa kuti hutala ndi yochenjezera, si yoperekera moni. Pamalo amenewo pokha ndinkawalakwira aphunzitsi anga mwadala. Pobwerera tinkaima, amuna awiriwo n'kukhala moyandikana, mmodzi akulankhula za ku Beira, winayo akuseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Tsiku lotero bambo ako ankadya bwino.

Lachinayi lapitali tinanyamuka kupita ku mafizo dzuwa litakwera kale, chifukwa m'mawa tayala linali litaphwa. Titadutsa pa msika waung'ono uja, ndinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pa tala. Ndinachotsa phazi pamoto, ndinayang'ana pagalasi, n'kuyamba kutsika magiya monga amachitira aliyense akafika pamaliro. Minibasi ya kutsogolo kwathu inazimitsa nyimbo. Akabaza anali atatsika, akukankha njinga zawo.

Ndinkangoti ndi maliro a m'mudzimo, tidutsa mwaulemu. Koma bambo ako anamenya dashibodi, n'kumenyanso, n'kumenyanso. Nditayang'ana kumene ankayang'ana, ndinaona khamu la amuna a zisoti zoyera pabwalo la Che Abdulrahim. Mpando wawo wa pakhonde uja unali utatembenuzidwa n'kutsamiritsidwa kukhoma.

Sindikudziwa mmene manja anga anachitira, koma anachita zonse mwa dongosolo. Indiketa ya kumanzere, galasi, kutuluka pa tala mpaka matayala onse ali pa dothi, handibuleki. Nditazimitsa injini m'pamene ndinamva kulira kwa amayi kuseri kwa nyumba.

Che Abdulrahim anamwalira m'bandakucha wa tsiku lomwelo, ndipo monga mwa chipembedzo chathu ankawaika masana omwewo. Uthenga unapita ku Ntaja, ku Nkaya, mpaka kwa achibale a ku Mozambique. Kwa ife, amene tili pamsewu womwewo, sunafike. Mwana wawo wamkulu, Mohamedi, anabwera pamene panali galimoto yathu akupepesa. Anati anaganiza kuti angotivutitsa, poti Che Akimu sayenda ndipo mwina sazindikiranso zinthu.

Ananena zimenezi bambo ako ali pomwepo, akumva liwu lililonse. Ndinafuna kumukalipira kuti munthu wosazindikira sangakuuze kuti waiwala indiketa, koma pamaliro sipokanganirana. Ndinangoti maliro n'kulirana, tabwera. Tangoganiza, Bilali, zaka zonse zija akugawana mbale imodzi m'misewu ya eni, imfa ya mnzawo anaimva kwa nthambi za mtengo.

Jeneza yonyamulira thupi itatuluka, bambo ako anayamba kulimbana ndi lamba, akufuna kutsika. Manda ali kutsidya kwa msewu, kanjira kake n'kodutsa m'minda, galimoto singalowe. Ine ndinawatsitsa, ndinawaimiritsa, n'kuwagwira m'chiuno monga ndimachitira tsiku lililonse. Tinayenda mpaka pamene tala wathera. Pamenepo ndinaima, chifukwa ukudziwa kuti ife akazi kumanda sitifika.

Amuna onse anali atatsogola, akusinthana mapewa pa jeneza. Tinatsala awiri m'mphepete mwa msewu, iwo akundikoka kuti tipite, ine ndikuwakoka kuti sindingathe. Sindinaonepo bambo ako akundiyang'ana choncho. Mwamwayi bambo wina wochedwa anatulukira ndi njinga, munthu woti sindikumudziwa ngakhale dzina. Ndinamupempha, iye anaitana mnzake, anawakweza pa kaliyala, wina akukankha, wina atawagwira kumsana.

Ndinaima ndikuwayang'ana akutalikira m'mapesi, mwendo wakufa uja ukulendewera, nsapato ikufuna kuvuka. Ndinafuna kufuula kuti awagwire mbali ya kumanja, ndi kumene amagwera, koma anali atapita kale patali.

Ndinakakhala ndi amayi kuseri. Posakhalitsa mayi wina anabwera kudzandipempha kuti, poti galimoto ilipo, ndithamangire kumsika ndikatenge matumba a mpunga wa alendo. Ndinamufotokozera kuti ndine wophunzira, sindiloledwa kuyendetsa popanda wa layisensi pambali, ndipo wanga ali kumanda. Ndinati apeze dalaivala ndimupatse makiyi, koma madalaivala onse analinso kumanda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinamva wina akunong'ona kuti galimoto za eni zimakhala ndi malamulo ambiri pa tsiku la maliro. Mphasa imene ndinakhalapo inayamba kutakasuka, mpaka ndinatsala ndekha.

Amuna atabwerako, bambo wa njinga uja anandikokera pambali n'kundiuza zimene zinachitika. Anati ana aamuna a Che Abdulrahim anatsikira m'manda kukalandira thupi la bambo awo, n'kuwagoneka ndi manja awo. Anthu anawaimika bambo ako kutsogolo, ndipo iwo anayang'anitsitsa anyamatawo osaphethira. Itafika nthawi yoponya dothi anawerama kuti atape ndi dzanja lamanzere, mwendo unawakana, akanagwera momwemo pakanapanda iye kuwagwira malaya. Anandifunsa ngati madalawa alibe mwana wamwamuna.

Ndinamuyankha kuti alipo, ali ku Joni. Iye anangoti oho, n'kukwera njinga yake.

Ku mafizo sitinapitenso, tinabwerera. Ulendo wonse bambo ako sanagogode, sanaloze galasi, sanatsonye. Ndinapatsa malo akabaza, ndinadikira kumbuyo kwa lole mpaka nditaona ndekha kutsogolo, ndinachepetsa liwiro pa sukulu ana akuweruka, zonse popanda wondiuza. Tsiku limene ndinadziwa kuti tsopano ndikutha kuyendetsa galimoto ndi limenelo, ndipo sindinakondwe ngakhale pang'ono.

Titafika panjanji tinapeza sitima ya katundu ikudutsa. Ndinaima, ndinakoka handibuleki, tinayamba kuyang'ana mabogi. Ili pafupi kutha, ndinamva mawu pambali panga. Ndinayesa ndi mbolembole wa masiku onse, koma iyayi. Anati, "Bilali."

Linatuluka lopindika, koma linali dzina lako. Sanandiyang'ane, maso anali kutsogolo, misozi ikutsikira mbali imodzi. Sitima inatha, a kumbuyo anayamba kuliza mahutala, ine osatha kuona msewu. Ndinapukuta m'maso ndi mpango, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka.

Mwezi wamawa ndikayesedwa mayeso a pamsewu ku Zomba, ndipo Insha Allah ndikakhoza. A Jasten akuti vuto langa ndi kubwerera m'mbuyo kokha. Ndikakhoza ndidzachotsa L, ndidzatha kuwatengera bambo ako kuchipatala, ku Mangochi kwa Zaina, kulikonse kumene kuli msewu. Kuwasambitsa ndikutha, kuwadyetsa ndikutha, kumva zonena za dzanja lawo ndikutha. Koma kanjira kaja kochoka pa tala kulowa m'minda, ngakhale nditakhala ndi layisensi ya thiraki, sindidzapondamo.

Sindikunena kuti akufa mawa, masiku a munthu ali m'manja mwa Allah. Koma kuyambira Lachinayi akudya pang'ono, ndipo tikamadutsa pakhomo paja amatembenukira kwina. Tsiku lawo likadzafika tidzawaika dzuwa lisanalowe, pomwe basi ya ku Joni imagona panjira. Udzamva pafoni zonse zitatha. Ndani adzatsikire m'manda kukawalandira, mwana wanga? Munthu wodutsa ndi njinga?

Ndikudziwa chimene ndikukupempha. Ndikudziwa kuti ukatuluka mwina sudzabwereranso, kuti ntchito ija unaivutikira, kuti uli ndi mkazi ndi mwana oti uwaganizire. Ndakhala masiku angapo ndi pepalali ndisanalembe, ndikudzifunsa ngati mayi wabwino angachite zotere. Khala pansi ndi Fauziya, mukambirane modekha. Ukakana sindidzakutemberera, udzakhalabe mwana wanga. Koma ine pempho langa ndi lomwelo, bwera adzakuone ndi maso awo, usadzapeze nthambi pamsewu wa kwathu.

Undiperekere moni kwa Fauziya, umuuze kuti nsalu ija ndimavala Lachisanu. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pachipumi. Upereke salamu kwa ana onse a kuno amene umakumana nawo kumzikiti. Allah akusunge pamisewu ya kumeneko, akutchinjirize kwa oipa, akupatse mtima wosankha bwino.

Bambo ako sakudziwa kuti ndalemba. Akanakhala ndi mawu akanati usavutike, ukuwadziwa mmene alili. Koma dzina lija analitchula okha, ine sindinawauze.

Ndine mayi ako wokukonda,

Maryam